Kompyuta Imene Mwana Wanga Ankaotha

Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, mphindi makumi awiri zitapitirira seveni koloko m'mawa, pamene ndinadina batani la kompyuta koyamba m'moyo wanga. Nthawiyo ndimaikumbuka chifukwa wotchi ya pakhoma inkaonekera pakhomo la kachipinda komwe ndinali, ndipo manambala ndiye ndimawadziwa ngakhale sukulu ndinalekezera giredi faifi. Sindinadine kuti ndilembere munthu kalata. Ndinadina chifukwa mwana wanga ankazizidwa.

Ndinkagwira ntchito yosesa pa shopu ya intaneti, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka. Zinali zaka zija mafakitale a ku Kafue atagulitsidwa, ena atatsekedwa, amuna amene ankadzuka ndi maovolosi atayamba kugulitsa salaula, zovala zija za kaunjika. Ankatiuza kuti tsopano aliyense ndi mfulu kuyamba bizinesi yake, ndipo zinalidi zoona: tonse tinkagulitsa, ogula okha ndiwo ankasowa. Mwini shopuyo anali mayi wa ku Kafue Estates, wa mpingo wa Pentekosite, wa mawu omveka mpaka kutsidya kwa msewu. Tonse tinkawaitana kuti ba madamu. Kutsogolo kunali makompyuta sikisi a makasitomala, ndipo pakona panali ina yaikulu imene ankaitcha seva. Chingwe cha foni chinkalowa mwa iyo yokha, enawo ankapezera intaneti kwa iyo, monga nyumba sikisi zotunga madzi pampopi umodzi.

Woyang'anira makina onsewa anali amalume anga, alongo awo a amayi. Anagwirapo zaka zambiri m'chipinda cha makompyuta ku fakitale asanawachotse, ndipo ku shopu ankabwerabe atamanga tayi, ngati kuti fakitaleyo iwaitananso masana. Anali mkulu wa mpingo kutchalitchi chathu chakale chija cha nyimbo za m'buku, chimene makolo athu anabwera nacho kuchokera ku Malawi. Ndiwo anandipemphera ntchitoyo. Tsiku loyamba ba madamu anandipatsa malamulo awiri.

"Makompyuta usagwire, uzipukuta chabe pamwamba. Na mwana usabwere naye. Ino ni bizinesi, si kiliniki."

Ndinati inde, nditayang'ana pansi. Ine pamaso pa akuluakulu mawu amandithawa, ndimatsala ndi inde yekha. Lamulo lachiwirilo ndinaliphwanya mawa lake lomwe. Mwana anali ndi miyezi inayi, anabadwa masiku asanakwane, ndipo ankayamwa pafupipafupi. Bambo ake anali ku maganyu m'minda ya ku Shimabala, ankabwera Loweruka lokha. Ndikanamusiyira ndani? Ndinkachoka ku Nangongwe kusanache bwino, kulowera khomo la kumbuyo, n'kumugoneka m'katoni ya mapepala m'kachipinda ka matsache ndi ndowa. M'kachipindamo simunkalowa wina aliyense. Ndikamaliza kusesa kutsogolo, ntchito yanga yotsala inali kumbuyo komweko: kutsuka makapu, kuphika tiyi, ndi kusaoneka kwa makasitomala. Mwana akalira pang'ono, wailesi ya atelala a shopu yoyandikana nayo inkamubisa.

Zinayenda choncho mpaka Juni atafika. Mphepo yochokera kumtsinje wa Kafue mwezi umenewo imalowa m'mafupa, ndipo pansi pa kachipindako panali simenti. M'mawa wa Lolemba lija ndinagwira mapazi a mwana, anali ozizira ngati supuni. Mbaula sindikanayatsa, utsi ukanandiulula. Koma pansi pa shelefu panali kompyuta yakale, yopanda sikirini, yodzaza fumbi, zingwe zake ziwiri zikulowabe kukhoma. Popukuta makompyuta akutsogolo ndinali nditaona kuti kumbuyo kwawo kumatuluka kamphepo kofunda. Ndinapukuta yakaleyo, ndinadina batani monga ankachitira amalume, ndipo inayamba kulira chapansipansi. Patapita kanthawi kamphepo kaja kanayamba kutuluka. Ndinakankhira katoni pafupi, pamwamba ndinayanika thewera. Mwana anatambasula zala, n'kugona tulo timene anali asanagonepo ngakhale kunyumba. Ndinati mumtima, amene anapanga chinthu ichi anaganiza ndithu: mbaula yopanda utsi.

Eyiti koloko itakwana makasitomala anayamba kulowa. Ambiri anali amuna ochotsedwa ntchito, otumiza makalata ofunsira ntchito ina. Panalinso nesi wina amene ankafuna kupita kunja, ndi aphunzitsi opuma amene ankabwera tsiku lililonse kudzawerenga nkhani.

"Ba mudala, intaneti siisebenza," anatero nesiyo kwa amalume.

Amalume anayambira pomwe ankayambira nthawi zonse. Anagwada pansi pa matebulo, kuzula chingwe chilichonse, kuchiuzira, kuchibwezera. Anakweza foni kuti amve ngati ili ndi moyo. Inali nawo. Vuto silinali kunja, linali m'nyumba momwemo: makompyuta sikisi aja ankalephera kuipeza seva, ngakhale inali pomwepo pakona, aliyense akuiona. Anaizimitsa, anaiyatsanso. Anatsegula kawindo kakuda pa sikirini, kulembamo timawu tachidule, kudikira, kupukusa mutu. Ine ndinkaona zonsezi pobweretsa tiyi, ndipo ndinkawamvera chisoni kwambiri. Sizinandifike m'mutu n'komwe kuti mbaula yanga ili ndi mbali pa nkhaniyi.

Cha m'ma teni ba madamu anaomba m'manja.

"Iyi si nkhani ya mawaya. Bwerani monse, tipemphere. Na iwe wa kumbuyo!"

Amayi anandiphunzitsa kuti mwana sasiyidwa yekha pafupi ndi moto. Kaya wa makala, kaya wa magetsi, moto ndi moto. Ndinazimitsa kompyuta ija pakhoma, ndinafunditsa mwana chitenje, n'kupita kutsogolo. Tinagwirana manja kuzungulira seva. Ba madamu anadzudzula mzimu wotsekereza, mzimu wa nsanje wa mashopu oyandikana nawo, ndi mzimu wa umphawi umene unamanga msasa pa Kafue. Amalume anaima maso ali otsegula, akuyang'ana timagetsi tobiriwira ta pa kabokosi komwe zingwe zonse zinkakumana. Kwathu pemphero limakhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo sapemphera anthu asanu nthawi imodzi. Tisananene ameni, nesi uja anakuwa.

"Yabwera!"

Ba madamu anayang'ana amalume. Anangokonza duku lawo.

Ndinabwerera kumbuyo, ndinapeza mapazi a mwana atayambanso kuzizira, ndinadina batani. Intaneti inafanso. Masana dzuwa litatentha ndinazimitsa, ndipo intaneti inagwira mpaka potseka. Amalume anati ndiye kuti chisanu cham'mawa chikulowa m'zingwe. Chisanu chinalimodi m'nkhaniyi, koma osati m'zingwe.

Lachiwiri tinapemphera kawiri, ndipo kawiri konse zinatheka, chifukwa kawiri konse ndinazimitsa moto ndisanasiye mwana. Mbiri inafalikira. Makasitomala anasiya kufunsa amalume, anayamba kupita kwa mwini wake. "Ba madamu, tipemphereko pang'ono, nili na kalata ya changu." Bambo wina anapempha kuti amusanjikire manja pa diski yake ya kalata yofunsira ntchito. Atelala nawonso anabwera kudzafunsa ngati pempherolo limagwiranso pa makina osokera. Amalume tsiku limenelo anasintha zingwe zitatu, anabwereka kabokosi kena kwa mnzawo wakale wa ku fakitale, ndipo maondo a buluku lawo anayera ndi fumbi limene ndinkayesa kuti ndinasesa.

Lachitatu m'mawa ba madamu anawalankhula pamaso pa tonse.

"Ba mudala, nikulemekezani, koma onani. Imwe mugwada pansi pa tebulo, palibe. Ine nigwada pamaso pa Mulungu, yabwera. Manje imwe nchito yanu ni chani pano? Pofika Lachisanu muniuze chamene chavuta, munionetse na maso. Ngati simuziba, nizaitana wa mapepala a sukulu ku Lusaka, imwe mukapumule."

Amalume anati, "Ndamva, madamu," n'kukonza tayi. Amalume anali ndi ana atatu pasukulu, ndipo ntchito yanga yomwe inali yopachikidwa pa tayi yomweyo. Iwo akachoka, wosesa wobwera nawo sakanatsala.

Tsiku lomwelo, ndikuika kapu ya tiyi patebulo lawo, ndinawamva akufotokozera aphunzitsi aja. Sankandiuza ine. Munthu wonyamula tiyi saoneka, ndiye amamva zambiri.

"Aphunzitsi, taonani apa. Makinawa akundiuza okha vuto lake. Kompyuta iliyonse muno ili ndi nambala yake, ngati nyumba. Ya seva imathera ndi wani. Tsono akuti pali winanso amene akuyankha pa wani yemweyo. Uthenga ukamapita kwa seva ukufikira kwa iyeyo, ndipo iye akungoulandira n'kukhala chete."

"Nanga ndi iti?"

"Ndi pomwe pagona nkhani. Ndaona onse sikisi, mobwereza. Thuu, firii, mpaka seveni. Wa wani palibe."

Aphunzitsi anaseka. "Ndiye vomerani, akulu a mpingo. Mzimu ulipo, ndipo uli ndi nambala."

Tiyi anatayikira m'sosala. Zimene ankanenazo ine ndinkazidziwa, osati za makompyuta koma za nyumba. Kwathu ku Nangongwe kunali nyumba ina kuseri kwa msika yolembedwa nambala yofanana ndi yathu. Munthu wotumidwa ndi kalata yoitana bambo a mwana kuti akayesedwe ntchito ya ulonda anakaisiya kumeneko, kwa mayi wina wosadziwa kuwerenga, amene anaisunga bwinobwino m'Baibulo milungu itatu. Sanabe kanthu mayiyo. Anangolandira n'kukhala chete. Ndinawerenga makompyuta mumtima: sikisi, ndi seva seveni. Amalume ankalekezera pamenepo. Ine ndinkadziwa kumene kuli ina.

Lachinayi m'mawa ndinayesa, kuti ndisadzinamizire mlandu. Ndinadina batani, n'kutchera khutu. Posakhalitsa kutsogolo kunamveka kudandaula. Ndinazimitsa, n'kudikira. "Yabwera!" Ndinachita katatu. Kachitatuko ba madamu anali atangoti "Atate" intaneti n'kubwera, ndipo anauza makasitomala kuti tsopano Mulungu akuyankha munthu asanamalize kupempha. Ndinakhala pa ndowa yotembenuza, mwana ali kubere. Ine amene sindinkatha kuyang'ana munthu m'maso, ndinali nditagwira shopu yonse ndi chala chimodzi, pamodzi ndi mizimu yake.

Ndikanatha kungosiya kuyatsa n'kukhala chete. Intaneti ikanachira, ulemu ukanapita kwa ba madamu, ndipo Lachisanu amalume akanaima opanda chonena. Kuwauza kunali kuulula malamulo onse awiri pakamwa pamodzi. Komanso chibadwire ndinali ndisanayambitsepo nkhani ndi amalume. Kwathu mwana wamkazi amagwada, kupereka chimene watumidwa, n'kuchoka. Ndinayeserera mawu m'mutu m'mawa wonse ndikutsuka makapu, koma sindinapeze oyambira.

Masana ba madamu anapita ku mapemphero a nthawi ya nkhomaliro. Ndinapita kwa amalume chimanjamanja, ndinagwada.

"Amalume, tiyi wanu ali kumbuyo."

"Kumbuyo? Wathyoka mwendo tiyiyo?"

"Ali kumbuyo, amalume."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kudzuka. Atalowa m'kachipinda muja anayamba aona katoni. Mwana anali maso, akuyamwa chibakera chake. Ndinadikira kukalipiridwa.

"Uyu ndiye ndimamudziwa," anatero. "Umayesa kuti sindingasiyanitse kulira kwa mdzukulu wanga ndi wailesi ya atelala? Tiyi ali kuti?"

Ndinangowerama n'kudina batani. Kompyuta inayamba kulira chapansipansi, thewera lili pamwamba. Ndinatenga dzanja la mwana n'kuliika pa kamphepo kaja kuti amalume aone chifukwa chake. Iwo sanayang'ane mwana. Anagwada, anatsata chingwe chotuwa ndi chala mpaka pomwe chinkalowa kukhoma kupita kutsogolo. Kenako anakhala pa ndowa ija, anavula magalasi, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa akulira. Ankaseka, koma mopanda mawu.

"Iyi ndiyo inali seva yathu yoyamba," anatero. "Itabwera yaikulu ija, imene madamu anagula pomwe katundu wa ku fakitale ankagulitsidwa, ndinaipatsa nambala ya iyi, kuti ndisavutike kusintha makompyuta onse sikisi. Iyi ndinaikankhira muno, ndinati nambala yake ndidzafufuta mawa. Mawa lake ndi lino, patha chaka."

"Ndiye sinauzidwe kuti anaichotsa ntchito?" ndinafunsa.

Ndinafunsa moona mtima, koma nditangotero maso anga anagwera pa tayi yawo, ndipo ndinalakalaka simenti itatseguka. Amalume anaigwira tayiyo, anaiyang'ana, n'kuisiya.

"Sinauzidwe," anatero. "Ukaidzutsa imayankhabe pa dzina lakale."

Kutsogolo munthu anali atayamba kale kuitana ba mudala.

"Tamvera, amake mwana. Ndikazula chingwe ichi chokha, intaneti ichira, mbaula yako ikhala pomwepa. Koma mawa ndiwaonetsa chiyani madamu? Akufuna kuona ndi maso, ndipo ndikawabweretsa muno aona zambiri. Ndikaitulutsa, ndili ndi chowaonetsa, ndiponso apeza kompyuta ina ya makasitomala. Koma muno mubwerera chisanu."

Sanalamule. Anandiyang'ana, akudikira. Aka kanali koyamba amalume kundifunsa maganizo, ndipo anasankha tsiku limene ndikanakonda kuti angolamula. Ndinayang'ana mwana. Anali atatambasula zala zake zonse pa kamphepo kaja.

Ndinachotsa thewera. "Itengeni, amalume."

"Zikomo, mayi."

"Nanga akafunsa kuti anayatsa ndani?"

"Ndinena kuti ndine ndinaisiya ndi nambala yakale, zomwe n'zoona. Zinazo, ine ndine mkulu wa mpingo, sindinama. Ndidzangotsokomola."

Anainyamula okha kupita nayo kutsogolo, analumikiza sikirini, n'kundikodola kuti ndidzaone. Anatsegula kawindo kamene munali manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Anafufuta wani wakumapeto, analemba eyiti, anazimitsa, anayatsanso. Makompyuta onse anakhalabe pa intaneti, yakaleyo ikulira pakati pawo ngati sinalakwepo.

"Basi?" ndinanong'ona.

"Basi."

Masiku anayi, zingwe zitatu, kabokosi kobwereka, mizimu yonse ija yodzudzulidwa ndi maina ake, ndipo mankhwala ake anali nambala imodzi imene ngakhale ine wa giredi faifi ndikanatha kulemba.

Ba madamu atabwera, amalume anawafotokozera zonse mwaulemu, za nyumba ziwiri za nambala imodzi. Anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Mwaona manje? Nenze kupempha kuti chobisika chionekere poyera. Chaonekera."

"Ameni, madamu," anatero amalume.

"Koma inayaka bwanji yeka kumbuyo kuja?"

Amalume anatsokomola. Anatsokomola nthawi yaitali ndithu, mpaka aphunzitsi anawapatsa madzi. Ba madamu sanafunsenso. Anazungulira kompyuta ija, akuwerengera kale pomwe adzaike mpando. Kenako anawerama, anatola kanthu kamene kanakodwa pa timabowo totulukira mphepo, n'kukakweza m'mwamba. Inali pini ya thewera, ya mutu wapinki. Anaiyang'ana, anayang'ana kukhomo la kumbuyo komwe ndinaima ndi makapu, n'kuiika m'thumba. Ine ndinayang'ana pansi. Mpaka potseka sanandiyankhule, ngakhale kundituma.

Pobwerera ku Nangongwe madzulo amenewo sindinakwere minibasi, ndinayenda wapansi kuti ndiganize. Amalume ntchito yawo inali itatsala. Yanga inali m'thumba la ba madamu, pamodzi ndi pini. Ndikanatha kulowanso kumbuyo, kugoneka mwana pa simenti paja, n'kumadikira tsiku lomwe adzatsegule chitseko. Ndikanathanso kusapita, n'kudzichotsa ndekha asanandichotse. Mwana anali m'tulo kumsana, ndipo ndinamva mapazi ake m'nthiti mwanga. Anali ofunda.

Lachisanu m'mawa ndinamuveka chipewa ndi masokosi, ndinamubereka ndi zitenje ziwiri, pamwamba n'kuvala juzi ya bambo ake. Nditafika pa shopu ndinapitirira kanjira ka kumbuyo, ndinakaima pakhomo la kutsogolo. Ba madamu anali pomwepo, akulimbana ndi loko.

"Mwauka bwanji, ba madamu," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

Anatembenuka. Anayang'ana ine, anayang'ana kachipewa kamene kankasuzumira pa phewa langa, ndipo anayang'ana nthawi yaitali kuposa pemphero la Lolemba. Kenako anapisa m'thumba.

"Iyi ni yako," anatero, akundipatsa pini. "Akalira, upite naye kumbuyo. Na makompyuta yanga si mbaula, wamvera?"

Ndinati inde, nditayang'ana pansi. Ndinabaya piniyo pachitenje, ndinatenga tsache, n'kuyamba kusesa mwana ali kumsana. Ndinayambira pansi pa tebulo la kompyuta ya nambala eyiti. Ndinaipukuta pamwamba ndi m'mbali, koma batani lake ndinalilambalala.